Tsiku Limene Ndinabisala M'tiyi

Khala apa, Alesi, usiye kaye kumanga katunduyo. Sitima ya ku Kabula ndi ya mawa, sikuthawa. Wakhala ukundifunsa kuyambira uli kamwana kuti, atsibweni, zinatheka bwanji kuti amayi anga amwalire bambo anga palibe, inunso mlongo wawo palibe? Ine ndinkangoti tinali pa ulendo. Lero ndikuuza, ndipo ndiyambira penipenipo kuti usadzati ndinazungulira pofuna kudziyeretsa. Amayi ako a Leah ankandiitana ali pa mphasa ya matenda, ine Malizani ndinabisala m'munda wa tiyi. Munali mu 1931, iwe uli ndi zaka zitatu.

Ukudziwa kuti makolo athu anawoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi, n'kudzapempha malo kuno kwa Khwethemule. Sanakhalitse ndi moyo. Tinatsala awiri, amayi ako ndi ine, ndipo iwo pokhala aakulu ndi amene anandilera. Ali mtsikana anakathyolako tiyi zaka ziwiri kuti ine ndisagone ndi njala. Komabe ankanditchula kuti achimwene, chifukwa mwamuna pa mbumba yathu ndinali ine ndekha.

Masiku amenewo pamudzi pano tinkakhala ndi makutu kunjanji. Sitima ikamalira pokwera tinkati ikupita ku Kabula, kumene azungu amati Blantyre. Ikamalira potsika tinkati ikupita ku Beira, kunyanja yamchere. Ife tinali pakati, ndipo pakatipo sitinkapawerengera ngati malo. Mwamuna ankalemera ndi tauni yake. A ku Beira ankabwera ndi zipewa, kumatipatsa moni wa Chipwitikizi wa bondiya. A ku Kabula ankabwera ndi nsapato zolira, kumati gudumoning'i ngakhale dzuwa litapendeka. Pamowa ankakangana mpaka kugwirana malaya, nkhani yake yoti nyumba zazitali zili kuti. Ngakhale amayi amene sanadutsepo pa Luchenza anali ndi mbali yawo pamtondo. Panali galu wina dzina lake Beira, mnzake Limbe, ndipo akalumana anthu ankaombera m'manja. Koma munthu wothyola tiyi pa esiteti, aaa, ameneyo sankafunsidwa kanthu. Tinkati ndi ntchito ya anthu oopa msewu.

Bambo ako a Zakeyu anali a ku Beira. Ananyamulako matumba padoko zaka ziwiri, n'kubwera ndi chipewa chabulauni chimene sankachivula ngakhale polima. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Pakamwa pokha ndiye panali poyabwa. Tsiku lina tili pabwalo, anthu ali mbwee, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga alamu, inu tauni yanu ndi iti? Kapena ndi pa Luchenza?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine magazi anandikwera kumutu. Mkamwini, wodya nsima pakhomo pa mlongo wanga, kundiseketsa pagulu! Ndinaimirira n'kunena kuti, "Mwezi uno usanathe mudzamva kuti Malizani ali ku Kabula." Amayi ako anandinong'oneza madzulo ake kuti ndisapse mtima ndi nthabwala, koma ndinali nditalumbira kale pamaso pa anthu.

Ku Kabula ndinafikadi, pamenepo sindinaname. Ndinakhalako masiku asanu. Khomo lililonse limene ndinagogoda ankandifunsa kalata ya sukulu ya mishoni, ine ndilibe. Ndikatsegula pakamwa anyamata a m'masitolo ankamva Chilomwe m'mawu angamo n'kuyamba kutsinana. Wina anandiyeserera mayankhulidwe anga pamaso pa anzake, n'kundiuza kuti anthu a mtundu wanga ntchito yawo ndi khasu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kamba atatha ndinatembenuka, njala ikundipotokola m'mimba.

Kubwerera kumudzi sindikanatha. Ndikanawayang'ana bwanji bambo ako? Ndiye pofika m'minda ya tiyi ya ku Thyolo kuno ndinakhotera pa esiteti ina imene anthu ankaitchula kuti kwa Chipewa, potengera mzungu wake. Kapitawo wa pamenepo sanandifunse kalata. Anangondiyang'ana mikono n'kundipatsa dengu. Kuchokera pamenepo kufika pakhomo pano ndi ulendo wa theka la tsiku basi. Tangoganiza, theka la tsiku! Koma ndinatuma munthu wogulitsa mchere kuti akanene kumudzi kuti Malizani wapeza ntchito ku Kabula, m'sitolo ya nsalu.

Tiyi amathyola ndi zala ziwiri, chachikulu ndi cholozerachi. Umatenga masamba awiri ndi kansonga kake, kuponya kumsana, kutenganso, tsiku lonse, mame kapena mvula. Pakatha mwezi zala zija zimang'ambika, utomoni wa masamba umalowa m'ming'alumo, zimada bii. Ungatsuke ndi sopo, ungakwechese pamwala, sizichoka. Aliyense amene anathyolapo tiyi amazidziwa zala zimenezi ngakhale patali.

Pa Khirisimasi ndinabwera kudzacheza. Ndinadzera pa Luchenza, n'kugula kwa Mmwenye malaya oyera, sopo ndi kansalu kako. Sopoyo ndinamukulunga m'kachidutswa ka thumba kamene ndinatola kufakitale, kokhala ndi chidindo cha nyenyezi, osaganizako n'komwe. Ndinalowa m'mudzi muno ngati bwana, manja ali m'matumba. Ha, tsiku limenelo ndinanama, mwanawe! Ndinati ndimayeza nsalu za madona ndi ndodo yachitsulo. Ndinati mzungu wanga sadya asanandifunse maganizo. Bambo ako anayesa kubweretsa za sitima zapamadzi za ku Beira, ine ndinawaphimba ndi magalimoto a ku Kabula mpaka anangoti, "Basi alamu, mwapambana." Ndinakondwa kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndikamakumbukira kukondwa kumeneko ndimafuna kudzilavulira.

Anthu atabalalika amayi ako anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anamasula sopo uja, n'kukayang'anitsitsa kathumba kaja, kenaka anakapinda bwinobwino. Atatero anati, "Achimwene, bweretsani dzanja."

Ndinazengereza, koma analikoka okha m'thumba. Anayang'ana zala zija. Anatenga mafuta a nsatsi m'kansupa n'kuyamba kundipaka, chala chimodzichimodzi, monga ankachitira ndili mwana.

"Ku Kabula kukuzizira chaka chino," anatero. "Muzipaka mafuta."

"Eya, kukuzizira," ndinayankha.

Kuzizira kwanji mu Disembala? Koma ine chitsiru ndinachoka pamenepo ndikudzitama kuti ndawapusitsa.

Tsopano mvera bwino. Linali Lachiwiri, mwezi wa Malichi, tiyi ataphuka kwambiri chifukwa cha mvula. Tinkathyola munda wa m'mbali mwa msewu, pafupi ndi mitengo ya bulugama. Dzuwa lili pamutu ndinadzutsa maso, ndipo ndinaona amuna awiri akubwera kuchokera kumwera. Woyamba ndinamudziwira chipewa chabulauni. Anali bambo ako. Pambuyo pawo panali a Fabiano, mkulu wa mpingo uja anamwalira chaka chatha.

Iwe ukudziwa mwambo wathu. Amuna awiri akamayenda limodzi opanda katundu pamutu, opanda khasu, opanda nkhuku ya malonda, ndiye kuti anyamula uthenga, ndipo uthenga wotumira anthu awiri sukhala wa ukwati. Ndinadziwa. Ndisakunamize kuti sindinadziwe. Koma chimene chinafika msanga m'mutu mwanga si uthengawo ayi. Chinali dengu linali kumsana kwangali, ndi chiguduli chimene ndinamanga m'chiuno, ndi chipewa chija chikubwera kudzandiona. Ndinavula dengu, n'kugwada pansi pakati pa mizere ya tiyi.

Mayi wina amene ankathyola mzere woyandikana nane anati, "A Malizani, mwatani? M'mimba?" Ndinamugwedezera dzanja kuti akhale chete. Anangopukusa mutu n'kupitiriza ntchito yake.

Ndinkayembekeza kuti adutsa. Sanadutse. Anafika pa mabulugama paja n'kukhala pansi. Ndinkawaona bwinobwino kudzera m'timipata ta masamba. Bambo ako anatulutsa chinangwa chophika n'kuyamba kudya pang'onopang'ono, maso akuyendayenda m'mundamo.

"A Zakeyu, tikukhaliranji pano?" anafunsa a Fabiano. "Dzuwa likupita, ulendo ukadali wautali."

"Ndinalonjeza," anatero bambo ako. "Timalize chinangwachi." Kenaka anakweza mawu ngati akuyankhula ndi munthu wogontha. "Alamu anga a Malizani tikawapeza mawa lomwe. Masitolo a nsalu ku Kabula si ambiri. Akangomva kuti achemwali awo akudwala ndipo akuwaitana, anyamuka pompo."

"Nanga mukukuwiranji? Ndili pompano," anatero a Fabiano.

Ndinamva zonse, Alesi. Dzina langa ndinalimva, matenda ndinawamva. Chinkafunika n'kungoimirira basi, mawondo awiriwa kuwongoka. Tikanafika pakhomo pano dzuwa lisanalowe. Koma ndinadziuza kuti ndi malungo chabe, a Leah ndi munthu wolimba, achira. Nyerere zinkandiluma m'miyendo, thukuta likutsikira m'maso, ine ndili chigwadire ngati mbuzi yomangidwa. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, mpaka chinangwa chinatha. Bambo ako anaimirira, anayang'ananso m'munda monse, n'kunena kuti, "Tiyeni." Ndinawaona akulowera kumpoto, kukafuna munthu amene anamusiya kumbuyo kwawo.

Ukuganiza kuti atangopita ndinathamangira kuno? Ndi pamene pali manyazi enieni pamenepo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga masiku. Ndinati, ndikafika kumudzi lero anthu adzandifunsa kuti wakuuza ndani, popeza amithenga sanafike n'komwe ku Kabula. Afika Lachitatu. Munthu wa ku Kabula weniweni angamve uthenga Lachinayi, kupempha chilolezo kwa mzungu wake, kunyamuka Lachisanu, kufika Loweruka. Ndiye ndinati ndipita Loweruka, ndikanene kuti ndinamva kwa anthu ena ndipo tasemphana panjira. Masiku atatu athunthu ndinathyola tiyi, mlongo wanga akundidikira, kuti bodza langa likwanire bwino. Lachisanu madzulo ndinachapa malaya oyera aja.

Ndinafika Loweruka masana. Ndisanalowe m'mudzi ndinaona phulusa la moto waukulu pabwalo, ndi masamba atayalidwa panjira. Azimayi anali atakhala pakhonde pa nyumba yathu, ndipo atandiona anayambanso kulira. A Teleza, anansi athu amene ankawadwazika amayi ako, anabwera kudzandigwira mkono.

"Mwachedwa, a Malizani," anatero. "Chinali chibayo. Anatisiya Lachinayi m'mawa. Tinadikira tsiku lonse, koma ndi kutenthaku sitikanatha kusunga. Tinaika dzulo."

Lachinayi! Lachiwiri lija akanandiona, Lachitatu lonse tikanacheza.

"Sanayankhule zambiri," anapitiriza a Teleza. "Koma anatiuza kuti tiwagoneke choyang'ana kukhomo, chitseko chikhale chotsegula. Munthu akangodutsa panja ankadzutsa mutu. Nanga a Zakeyu mwawasiya kuti?"

"Tasemphana panjira," ndinatero. Ngakhale pamenepo, manda a mlongo wanga asanaume, bodza linatuluka lokha mkamwa mwanga. Iwe unali pamwendo pa a Teleza, ukuseweretsa mabatani a malaya anga oyera.

Bambo ako anafika mawa lake, Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi. Mapazi anali atatupa, akuyenda chotsimphina, a Fabiano akuwagwirizira. Palibe amene anafunika kuwauza kanthu, anangoona phulusa lija. Kulira kumene analira mwamuna uja sindinakumvepo kwina. Anthu anapita nawo kumanda, ine ndinatsalira pakhonde, chifukwa ndinalibe mphamvu yoyenda nawo limodzi.

Atabwerako anadza pamene ndinakhala. Anthu anali ambiri pabwalo. Anavula chipewa chija, koyamba m'maso mwanga, n'kugwada patsogolo panga.

"Pepani alamu," anatero. "Ndakulakwirani. Achemwali anu anandituma kuti ndikakutengeni, ine ndalephera. Tinalowa sitolo iliyonse ya nsalu ku Kabula, tinapitanso ku Limbe. Ena ankatithamangitsa, ena ankatiseka. Masiku atatu. Ndinkadzitama kuti ndimadziwa tauni, koma tauni yanu yandigonjetsa. Mukanamva msanga mukanawapeza ali moyo. Mlandu ndi wanga."

Alesi, munthu akakumenya mbama zimapepuka. Mwamuna amene ndinamuchotsa pambali pa mkazi wake pa tsiku lomaliza anali atagwada, akundipepesa. Ndinkangoyang'ana pansi.

"Tinatayanso nthawi panjira," anapitiriza. "Ine ndinkafuna kudzera njira yachidule, koma tisananyamuke achemwali anu anandigwira dzanja n'kunena kuti, mudzere pa esiteti ya chidindo cha nyenyezi, pamene ndinkathyola ndili mtsikana. Mukafika pa mabulugama mukhale pansi, mudye, muyankhule mokweza za kumene mukupita. Pakapanda kutuluka munthu, ndiye pitirirani ku Kabula. Ndinawafunsa kuti munthu wake ndani, anangoti lonjezani. Ndinkayesa kutentha kwa thupi kwawasokoneza mutu, komabe ndinachita monga ananenera."

Apo m'pamene zonse zinandigwera. Kathumba ka sopo kaja. Mafuta a nsatsi aja. Amayi ako ankadziwa kuyambira pa Khirisimasi, ndipo sanauze munthu, ngakhale mwamuna wawo. Ali pa mphasa ya imfa, mpweya ukuvuta, ankasamalabe ulemu wanga. Akanatha kungonena kuti, kam'tengeni Malizani kwa Chipewa, akuthyola tiyi. Sanatero. Anandikonzera njira yoti ndituluke ndekha, ndipo anakhulupirira kuti ndikamva dzina lawo ndidzaimirira.

Ndinangotulutsa manja m'matumba n'kuwatambasula pamaso pa bambo ako.

Anayang'ana zala zija nthawi yaitali. Ankazidziwa, chifukwa za amayi ako zinali choncho pamene ankawafunsira.

"Munalipo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinalipo."

"Munatimva?"

"Ndinakumvani."

"Munali patali bwanji?"

Ndinaloza nkhokwe ija ili apoyo. "Ngati apa ndi apo."

Ndinkayembekeza chibakera, ndipo ndinkachifuna. A Fabiano anayamba kuyandikira kuti atilanditse, koma panalibe cholanditsa. Bambo ako anadzuka pang'onopang'ono, n'kusansa fumbi m'mawondo. Anakutenga iwe kwa a Teleza, anakunyamula kanthawi, kenaka anakukhazika pamwendo panga.

"Mwanayu ndi wa mbumba yanu," anatero. "Mwambo ukatha ine ndibwerera ku Beira, pano sindingakhalenso. Mumulere. Sindikupemphani china chilichonse koma chimodzi. Tsiku lina adzafunsa chifukwa chake amayi ake anafa akuyang'ana kukhomo, bambo ake palibe. Asadzamve kwa anthu. Mudzamuuze ndinu, ndi pakamwa panu pomwepo."

Ndinavomera. Anthu a m'mudzi muno anasunga pakamwa zaka zonsezi chifukwa cha mawu amenewo, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa chifundo chawo monga ndinabisalira m'tiyi muja. Chaka chilichonse ndinkati ukadali mwana. Bambo ako anamwalirira ku Beira akuganiza kuti mwina ndinakuuza kale. Chipewa chija anachisiya pakhonde tsiku limene ankachoka, ndi chimene chili pamsomali m'nyumbamo, chimene ndinkakuletsa kuseweretsa.

Ndinabwerera kwa Chipewa, ndipo ndi zala zomwezi ndinakulera. Ukafika ku Kabula mawa akakufunsa kwanu, ukanene kuti kwa Khwethemule, ndipo atsibweni ako amathyola tiyi. Ine sindikuperekeza kusiteshoni ngati sukufuna, ndimvetsa.

Usandiyang'ane choncho, mwanawe. Kapena ayi, ndiyang'ane. Amayi ako anayang'ana kukhomo masiku awiri osandiona.